Nguludi kapena apirire ku Zomba? Nkhani ya Tiyamike ndi sukulu ya uloya

Bambo a Yamikani: Moni nonse apagulu, pepani ndabwera usiku ndi nkhani yaitali koma mutu wanga waima. Ambiri mukumudziwa Tiyamike, mwana wa malemu achemwali anga uja ndakhala ndikulera chimwalirire mai ake. Wamaliza chaka choyamba ku UNIMA ku Zomba, akupanga za Humanities, koma mtima wake uli pa uloya kuyambira ali folomu 2. Anafunsira malo a law komweko sanamutenge, akuti anthu anachuluka malo nkuchepa. Anaponyanso kalata ku Catholic University ku Nguludi, uko amutenga. Nde pano akungoti malume ndisamuke malume ndisamuke. Ine pepala la fizi nditaliona ndinayamba ndakhala kaye pansi chifukwa zikusiyana kutali ndi zomwe ndimalipira ku Zomba, ndipo mukudziwa kuno ku Tsangano ofesi yanga ndi kachewere ndi kabichi basi. Ndipange bwanji abale?

Spana: Gulitsani galimoto malume kkkk

Bambo a Yamikani: Galimoto yake iti aise, ngolo ija?

Nangozo: Spana nkhani za mwana sizoseweretsa. Achimwene choyamba tithokoze, mwana wamkazi kuchoka kuno mpaka masukulu awiri kumamulimbirana si masewera. Ine ndikuti mulekeni apite komwe amutengako. Mwayi ukakupeza sumauuza kuti ubwere mawa. Nanga akadikira chaka chamawa osamutenganso?

Mbewe wa ku Joni: Ankolo musavutike, mwanayo abwere kuno. Kuli UNISA, yunivesite ya kuno ku South Africa, amaphunzira ali pakhomo pa intaneti, masana azigwira kaganyu madzulo aziwerenga. Anyamata ambiri kuno akupanga choncho. Malo ogona ndilipo ine.

Nangozo: Malo ake kachipinda kamodzi komwe mumagona anthu folo kaja?

Mbewe wa ku Joni: Tinasamuka mami kkkk pano tili ndi ziwiri

Admin: Tiyeni timudikire NaJere loya wathu, nkhani iyi ndi ya mmunda mwake. A Counsel mulipo?

NaJere: Ndilipo, ndimagoneka ana. Malume ndawerenga. Ndisanayankhe za Zomba kapena Nguludi ndiyambe ndi chinthu chomwe makolo ambiri sauzidwa mpaka ndalama zitapita kale. Digiri ya uloya, LLB, payokha sikupanga munthu kukhala loya woimirira anthu mkhoti. Choyamba pulogalamuyo ikhale yovomerezeka ndi NCHE, bungwe loyang'anira masukulu a ukachenjede, komanso ndi Council of Legal Education, osati sukulu yokha ayi, pulogalamu ya law yeniyeniyo. Chachiwiri, amene aphunzira ku sukulu zoti si zaboma kapena kunja kwa dziko amadutsa ku MILE, Malawi Institute of Legal Education, kukaphunzira kagwiridwe ka ntchito nkulemba mayeso, ndipo kumenekonso kuli fizi yake, lendi yake, chakudya chake. Akakhoza mpamene amakaonekera pamaso pa Chief Justice ku High Court kuti alandiridwe ku bar, ndiko kuti aloledwe kuimirira anthu mkhoti. Olo atalandiridwa sangotsegula ofesi mawa lake, amayamba wagwira kaye pansi pa loya wamkulu, ndipo laisensi imakonzedwanso chaka ndi chaka. Nde mukamawerengera ndalama musathere pa tsiku la gaduwesheni, muonjezerepo msewu wonsewu.

Bambo a Yamikani: Eeh. Ine ndimaona ngati akavala chipewa chija basi tathana nazo

NaJere: Ayi malume, chipewa chija ndi pa Balaka, ulendo wa ku Zomba ukadalipo kkk

Spana: Nde maloya mumadula chifukwa chake nchimenechi eti

NaJere: A Mbewe za UNISA ndikuyankheni mwaulemu. Sukuluyo ndi yodziwika, palibe akutsutsa. Koma malamulo a ku South Africa maziko ake ndi Roman-Dutch pomwe athu kuno tinatengera common law ya ku England. Mwana akaphunzira zakumeneko akabwera kuno zambiri ayambanso kuzolowera, malamulo a malo, a chuma cha masiye, Constitution yathu ya 1994, zonsezo sakaziona kumeneko. Komanso fizi ndi ya ma rand. Mukukumbuka November 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, pamwamba pa 25 peresenti ya mu May 2022? Amene amalipirira ana kunja anadzuka mmawa fizi itakwera asanadye nkomwe phala. Malume amagulitsa kachewere pa kwacha, asalowe ngongole ya ndalama yomwe sakolola.

Mbewe wa ku Joni: Apo nde mwandigwira pakamwa achemwali. Koma ndimati ndithandize

Nangozo: Thandizani potumiza ma rand omwewo kuno, akafika amachuluka

Mbewe wa ku Joni: Kkkkk mami inu. Chabwino laputopu ndi yanga, ilembeni pa dzina langa, ndibwera nayo pa Khrisimasi

Admin: Tasunga uthengawu, tidzaupanga forward pa 20 December

Agogo a Kalaliki: Ana inu ndiloleni ndiikepo mau. Ine ndagwira ukalaliki wa khoti zaka zambiri mpaka kupuma, ndaona maloya akubwera ndi kupita. Pa benchi sipafunsidwa kuti munaphunzira kuti, pamafunsidwa kuti fayilo mwawerenga kapena ayi. Ndinaonapo a ku Chanco, ku UNIMA ku Zomba konko, akuchita chibwibwi, ndinaonaponso a ku Chanco omwewo akugwedeza khoti. Kale njira inali imodzi yokha, Chancellor College basi, ukalephera apo ndiye kunja. Orton Chirwa uja uloya wake anakautenga ku London, mai Vera Chirwa ndi amene anali loya woyamba wachizimayi mdziko muno. Lero njira zachuluka, chimene chili chabwino, koma pochuluka njira mpamene anthu amasokera. Ndiye funso langa kwa mwanayo ndi limodzi, akufuna akhale loya wa mtundu wanji? Chifukwa uloya si ntchito imodzi.

Spana: Wa mtundu wa Prado agogo

Agogo a Kalaliki: Iwe Spana unabadwa masana

Mai a Chisomo: Ine ndilankhuleko ngati kholo lomwe mwana wake ali ku Nguludi, wanga akupanga zina osati law koma geti ndi lomwelo. Ubwino ulipo, malo ndi abata, ndipo ndi pafupi ndi Limbe ndi Blantyre komwe kuli maofesi ambiri a maloya ndi makhoti akuluakulu, nde mwana wa law nthawi ya holide atha kupeza poti azikaphunzirako ntchito. Koma ndisakunamizeni achimwene, fizi ya sukulu yoti si yaboma imafuna munthu wokhala ndi kolowera ndalama mwezi ndi mwezi. Ife tili awiri pa malipiro, bambo a Chisomo ndi ine, komabe ikafika nthawi yotsegulira mnyumba mumakhala chete ngati muli maliro. Ndiye pali malo ogona, chakudya, bandulo, kufotokopa manotsi, thiransipoti yochoka ku Ntcheu kudzera pa Zalewa kukafika ku Limbe nkukweranso ina. Tinthu timeneti patokha timaoneka tochepa koma tikaunjikana ndi fizi inanso.

Bambo a Yamikani: Nde vuto langa ndi limenelo mai. Ine ndalama ndimaiona kawiri pa chaka, ya mvula ndi ya kudimba. Chaka china thumba limagwira mtengo pa Lizulu umachita kuyenda chamtunda, chaka china magalimoto a ku Blantyre amabwera ndi mtengo wao iwe ulibe chonena chifukwa mbatata sidikira. Feteleza nde musanene. Chiwawu chikalowa mmunda basi chaka chapita. Nanga a sukulu ndikawauze kuti dikirani chiwawu chithe?

Nangozo: Nanga loni? Mesa a Loans Board amapereka kwa ana a sukulu za private omwe

NaJere: Zoona aunt, Higher Education Students' Loans and Grants Board imapereka kwa ana a masukulu aboma ndi omwe si aboma bola sukulu ndi pulogalamu zikhale zovomerezeka. Koma zinthu ziwiri. Kufunsira sikupatsidwa, ofuna ndi ambiri. Komanso ukapatsidwa usayembekeze kuti itseka dzenje lonse, fizi ikakhala yaikulu chotsalacho nchako. Ndipo ndi loni, si mphatso, akadzayamba ntchito adzabweza. Malume, panopa ku Zomba ali pa loni?

Bambo a Yamikani: Eya anamupatsa, nchifukwa chake ndakwanitsa chaka chimenechi osagulitsa mbuzi zonse

NaJere: Nde asanasunthe phazi afunse ku Board kuti akasamuka sukulu loniyo zikhala bwanji, ayankhidwe polemba. Asangomva kwa anzake pa hostel.

Chimwemwe DZ: Ndalowa mochedwa koma ndiponyepo yanga, ndi yowawa. Mng'ono wanga analowa pa kasukulu kena mtauni, dzina sinditchula, kotsatsa pa wailesi kuti law law bwerani fizi yotsika. Tinalipira zaka ziwiri, bambo anagulitsa ng'ombe ziwiri ku Linthipe. Kenako nkumva kuti pulogalamuyo sinavomerezedwe, ana angoti balala. Mapepala ake ali mu sutikesi mpaka lero, pano ali pa border apa akusintha ma meticais. Nde chilichonse mungasankhe yambani mwaona mndandanda wa NCHE ndi maso anu. Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere.

Mai a Chisomo: Pepani a Chimwemwe. Zimenezo zinachitikira ambiri

Bambo a Yamikani: Ndanena kuti ndisabise kanthu. Maganizo omwe ndinali nao ndi ogulitsa dimba la kumtsinje lija, pali munthu wakhala akulifuna

Agogo a Kalaliki: Ayi. Ayi ndithu. Dimba limenelo ndi la mbumba, si lanu nokha, ndipo ndi lomwe likulipira sukuluyo. Mugulitse nkhuku yoikira kuti mugule mazira? Mukagulitsa mulipira chaka chimodzi mwina ndi theka, nanga zaka zinazo? Milandu ya malo yomwe ndinaiona pa khoti yambiri inayamba chonchi, munthu ndi cholinga chabwino, pakutha pa zaka khumi ana a mlongo wake akumukokera kwa a T/A.

Nangozo: Apa nde ndagwirizana ndi agogo, dimba ayi. Katapilanso ayi achimwene, ndikukudziwani

Bambo a Yamikani: Kkkk katapila ndinasiya

Spana: Anasiya Lachitatu

Admin: Ndamulowetsa mwini nkhani, tisamamukambe ngati mbuzi ya pa msika. Tiya takulandira, werenga mmwambamo

Tiyamike: Zikomo a Admin. Moni agogo, moni amalume, moni azakhali nonse. Ndawerenga zonse ndipo ena mwandiliritsa. Agogo mwafunsa kuti ndikufuna uloya wanji. Ine za Prado sindinaziganizeko kkk. Mai atamwalira ndinali folomu 2, achibale a kuchimuna anabwera maliro asanathe nkomwe, anatenga makina osokera, mabedi, njinga, mpaka nyumba ya pa boma ija anaikamo munthu wa lendi. Ine ndi mng'ono wanga tinachoka ndi zikwama za sukulu. Amalume anayesa kuyenda koma sitimadziwa kolowera. Ndili folomu 4 mpamene ndinamva kuti kuli lamulo la 2011 la chuma cha masiye, Deceased Estates Act, loti kulanda chuma chotero ndi mlandu ndithu woti munthu atha kumangidwa nao, komanso kuti kuli Legal Aid Bureau yothandiza anthu osowa ndalama ya loya. Ndinakhala sabata yonse ndikupsa mtima. Nde ine ndikufuna ntchito imeneyoyo, Legal Aid kapena umajisitireti, kuno konkuno kwathu, Ntcheu kaya Dedza. Za ma bank ndi makampani zija sizindikoka.

Bambo a Yamikani: Mwana iwe zimenezi sunandiuzepo chonchi

Tiyamike: Ndimaopa kukukumbutsani malume

Nangozo: Mmm. Ndagwira pakamwa

NaJere: Tiya wandithandiza, chifukwa tsopano nditha kuyankha molunjika. Ukanati ukufuna ma firm akuluakulu a ku Blantyre, za makampani, misonkho, ma bank, ndikanati mwina kuthamanga kuli ndi phindu, ukalowa msanga uyamba msanga kukwera, ndipo ngongole ungadzaibweze. Olo kumenekonso usanamizidwe, zaka zoyamba ndi zonyamula mafayilo a abwana ndipo malipiro ake si omwe anthu amaganiza akationa tavala suti yakuda. Koma njira yomwe watchulayo ndi ya boma. Legal Aid, Ministry of Justice, umajisitireti, ofesi ya Ombudsman, Human Rights Commission, ACB, Law Commission. Ntchito zabwino, zolemekezeka, umaphunzira msanga chifukwa mafayilo amakupeza sabata yoyamba yomwe, koma malipiro ndi a boma. Munthu wofuna njira imeneyi chinthu chomwe ayenera kuchiopa kwambiri ndi kutuluka sukulu atasenza ngongole yaikulu kapena atasiya banja lake lili mbee. Ndaona anzanga omwe analowa law ndi mtima ngati wakowu, koma pofuna kubweza zomwe makolo anagulitsa anathawira komwe kuli ndalama, ndipo sindiwaweruza. Nde kwa iwe sukulu yotsika mtengo si nkhani ya umphawi chabe, ndi yomwe ingakulole kudzagwira ntchito yomwe ukuifunayo.

Tiyamike: Ndamva aunt. Koma mantha anga ndi akuti ndikabwerera ku Zomba nkufunsiranso osanditenga, ndataya Nguludi ndatayanso chaka. Anzanga awiri omwe tinafunsira limodzi anawatenga, ine ndikamadutsa pafupi ndi kalasi yao mtima umandipweteka

Nangozo: Mwaonatu. Ndi zomwe ndimanena. Mwana akamaphunzira zomwe sakuzifuna amafooka, ine ndine mphunzitsi ndikudziwa. Komanso tisanamizane, mwana wamkazi zaka zikamapita anthu akumudzi amayamba zao zija

Agogo a Kalaliki: Anthu akumudzi ake ati, mesa ndi ifeyo tili pano

Spana: Kkkkkk agogo lero mwadya chani

NaJere: Chaka sichitayika Tiya, ukhala ukupitiriza digiri. Taona njira zake. Ukabwerera nkulimbikira magiredi nkufunsiranso, akakutenga watha, uli pa fizi ya boma. Akapanda kukutenga umaliza BA yako, uli ndi pepala mmanja, utha kupeza ntchito nkudzalowa law ngati munthu wa digiri kale, kaya ku Zomba konko kaya ku Nguludi, ukudzilipirira wekha pang'onopang'ono. Ndisakubisire, njira imeneyo ndi yaitali, zaka folo za BA kuonjezapo folo za LLB, ndipo olowa ngati akuluakulu fizi yao imakhala yokwererapo. Koma mkalasi mwathu munali aphunzitsi, apolisi, wina anali nesi, ena a zaka 40 ndi kuposa, ndipo ambiri mwa iwo ndi omwe amatiposa chifukwa amadziwa chomwe abwerera. Pomwe ukasamuka lero nkudzakanika fizi chaka chachitatu, ulibe LLB ulibenso BA. Chimenecho ndi chomwe chikundiopsa ine, osati sukuluyo.

Mai a Chisomo: Apo nzoona. Ana osiyira panjira chifukwa cha fizi ndawaona, zimamvetsa chisoni kuposa yemwe sanayambe nkomwe

Chimwemwe DZ: Koma a Counsel tiuzeni chilungamo, pofuna ntchito sasankha kuti uyu wa Chanco uyu wa kwina?

NaJere: Chanco ili ndi dzina lakale, majaji ndi maloya akuluakulu ambiri anadutsa kumeneko nde maubale alipo, zimenezo sindingakane. Ku Zomba kulinso High Court, mwana wofuna atha kumakakhala kumbuyo nkumamvera milandu ulere. Catholic University inatsegulidwa 2006, ndi yatsopano poyerekeza, koma ana ake tikukumana nao mmakhoti ndipo ena amandituluritsa thukuta. Ukalandiridwa ku bar gauni ndi imodzi.

Agogo a Kalaliki: Pali njira inanso yomwe ana a masiku ano mumainyoza, dipuloma ya law. Ku Mpemba ku Staff Development Institute kwadutsa anthu ambiri a makhoti. Makhoti ambiri a mmaboma ndi mmidzi oweruza ake ndi ma First Grade, Second Grade, Third Grade, anthu opanda LLB, ndipo ndi omwe amakumana ndi milandu ya mai wolandidwa mbuzi, osati majaji a ku Blantyre. Palinso ma paralegal, othandiza pa za malamulo koma osati maloya, ngati a bungwe la PASI omwe amayenda mndende ndi mmapolisi kuthandiza anthu ongosungidwa osaweruzidwa. Sindikuti mwanayu asiye digiri ayi, ndikungoti ntchito yomwe akuifunayo ili ndi makomo ambiri. Koma akafuna kudzakhala Resident Magistrate kapena jaji ndiye LLB siithawika, ndipo ujaji wa High Court Constitution imafuna zaka 10 uli loya.

Spana: Nde Tiya akadzakhala jaji ine ndidzakhala nditakalamba, milandu yanga adzaweruza ndani

Tiyamike: Ankolo Spana inu ndidzakuyimirirani ulere koma mudzayambe mwalapa kkk

Mbewe wa ku Joni: Ine chomwe ndaona, chiweruzireni majaji asanu aja mlandu wa chisankho pa 3 February 2020 mwana aliyense akufuna law. Tsiku lija ngakhale kuno tinali pa foni tsiku lonse kumvera. Nde mpikisano usadabwitse

Nangozo: Komanso atsikana anaona mai Martha Chizuma ali Ombudsman kenako ku ACB, ndi mai Anastasia Msosa omwe anakhalapo Chief Justice, nde akuti nafenso tingathe. Mkalasi mwanga ukafunsa ofuna unesi manja atatu, uloya manja teni. Koma a Counsel inu mwandigonjetsa theka lokha. Ine ndikuonabe kuti tikanati tonse pano tisonkhe mwezi ndi mwezi mwana akanapita ku Nguludi. Tilipo anthu angati pagulu pano? Mutu umodzi susenza denga

Admin: Tilipo 64 koma olankhula ndi omwewa, enawo amangowerenga ngati a CID

Chimwemwe DZ: Aunt maganizo ndi abwino koma tikumbuke za thumba la maliro lija, miyezi itatu yoyamba tonse tinaponya, wachinayi anatsala anthu seveni. Fizi ya zaka zingapo siyoimika pa gulu la WhatsApp. Bola tisonkhe za zinthu zodziwika, mabuku, thiransipoti, ndalama yofunsira malo

Nangozo: Zowawa koma zoona

Bambo a Yamikani: Ine ndakhala chete ndimawerengera kuseri kwa katoni ya sopo. Ndaika chaka chabwino, ndaika chaka choipa. Chaka chabwino Nguludi nditha kuikwanitsa movutikira, Yamikani ndi mng'ono wake wa Tiya atadya therere chaka chonse. Chaka choipa sindifika olo theka. Ndipo pa zaka zisanu zapitazi zabwino zinali ziwiri. Komanso Yamikani alemba folomu 4 chaka chamawa, naye adzafuna. Mwana wanga Tiya sindikukukaniza, ukanakhala mwana wa munthu wa ndalama bwenzi mawa uli pa basi. Koma kukulonjeza chinthu choti ndidzakusiya pakati pa mtsinje ayi.

Tiyamike: Ndamva malume. Sindinakwiye. Kungoti kalata ija ndinaisindikiza nkuiika mu Baibulo kkk

Mai a Chisomo: Isiye momwemo mwanawe, siiwola

NaJere: Tiya panga izi sabata ino. Lembera ku Nguludi uwathokoze ndipo ufunse ngati angakusungire malo mpaka chaka chamawa, kufunsa sikulipiritsa. Pita ku ofesi ya law ku Zomba ukafunse bwinobwino zomwe amayang'ana posankha ndi pomwe iwe unaperewera, usachite manyazi, safunsa anadya phula. Maphunziro omwe usankhe chaka chino akhale oti umalemba kwambiri ndi kuganiza, chifukwa law ndi kuwerenga ndi kulemba basi, zokuwa mkhoti zija nza mmafilimu. Yamba kuwerenga zigamulo pa MalawiLII, nzaulere, tenga chimodzi pa sabata undiuze kuti nkhani inali chani, jaji anagamula bwanji, chifukwa chani. Holide ikubwerayi upite pa khoti la majisitireti pa boma ukakhale kumbuyo sabata ziwiri. Ena akaona mmene zimakhalira, kudikira tsiku lonse mlandu nkuimitsidwa, amabwerako atasintha maganizo, ndipo bola kusintha pano kusiyana ndi dimba litapita.

Agogo a Kalaliki: Akapita anene kuti watumidwa ndi ine, akalaliki achinyamata aja ndinawaphunzitsa kusoka fayilo

Tiyamike: Zikomo agogo. Aunt NaJere ndikulemberani ku inbox, musadzatope nane

NaJere: Ndikatopa ndidzakutumizira invoice

Nangozo: Ine ndanena kale, akapanda kumutenga chaka chamawa nkhaniyi tidzaitsegulanso pano ndipo ndidzakhala woyamba kuponya. Ndisungireni mau amenewa

Admin: Tasunganso limodzi ndi a laputopu aja. Mawa ndiika nambala yoponyera za mabuku, amene muli chete 50 inu tikukuonani

Mbewe wa ku Joni: Laputopu ikhale ya mtundu wanji Tiya, ya HP ili bho?

Tiyamike: Iliyonse ankolo bola batire izisunga moto, magetsi mukuwadziwa

Bambo a Yamikani: Zikomo nonse, ndigone ine mawa ndili ndi matumba 18 oti afike pa msewu galimoto isanadutse. Spana ngolo ija ubwere nayo 4 koloko osati 4 koloko yako ija

Spana: Ng'ombe imodzi ikutsimphina malume, tinene 5